Mpando wa Kalaliki

Kalaliki wina analowa ntchito ya boma ali mnyamata, digiri ili m'manja, koma nsapato zake zinafika poyasamula chifukwa choyenda wapansi. Malipiro ankatha asanafike nawo pakhomo. Chaka ndi chaka akuluakulu ankalonjeza kukonzanso malipiro kuti achinyamata asamathawe m'boma. Ankakhazikitsa komiti, komitiyo n'kubala komiti inzake, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Anzake amene analowa nawo limodzi anapita kumakampani, ndipo ankamudutsa pagalimoto akumuimbira hutala. Zinkamuwawa, ndipo kunena zoona aliyense zikanamuwawa.

Loweruka lina anapita kwa sing'anga amene ankakhala kuseri kwa shedi yowotcherera zitsulo.

"Ntchito musasiye, bambo," anatero sing'angayo. "Boma ndi munda wachonde, kungoti simudziwa kalimidwe kake. Kuofesi muli ndi mpando wanuwanu?"

"Ulipo, koma ndi wong'ambika."

"Ndiye wabwinowo. Kachithumwa aka mukakalowetse pong'ambikapo. Chuma chizikupezani muli chikhalire. Koma mpandowo uzifuna kudya. Wachinyamata akabwera kudzayamba ntchito, muzimupatsa akhalepo tsiku loyamba."

"Ndiye chizimuchitikira n'chiyani?"

"Mwabwerera za iyeyo kapena za inu?"

 Kalaliki anangotambasula dzanja.

Muofesimo mipando inali yosowa. Watsopano ankakhala pakatoni ya mafayilo mpaka a zogulagula atakumbukira kusaina. Choncho kalaliki akapereka mpando wake, onse ankamutama kuti ndi munthu wamtima wabwino.

Woyamba kukhalapo anali mtsikana wa zamakompyuta. Posakhalitsa anayamba kuwonda, kuiwalaiwala ndi kuwodzera padesiki. Anasiya ntchito, ndipo anakamwalirira kwa makolo ake. Kalaliki anagula galimoto. Atakhalapo mnyamata wina wa kumaakaunti, kalaliki anamanga nyumba yampanda.

"Mukuona?" ankatero bwana wa ofesiyo. "Ana awa sakukhalitsa chifukwa cha malipiro." Akatero ankalembanso lipoti lina loti likagone m'kabati, kalaliki akuvomereza ndi mutu.

Koma mtendere analibe. M'mawa ankapeza mpandowo uli wofunda ngati pangochoka munthu. Pakapita nthawi popanda wolembedwa ntchito, miyendo yake yomwe inkayamba dzanzi.

Kenaka zimene anthu anatopa kuziyembekezera zinachitika. Malipiro anakonzedwadi, anakwera mpaka munthu kutha mwezi osakongola, ndipo boma linalemba achinyamata ambiri. Mmodzi mwa iwo anali mlongo wake wa kalaliki, chitsirizira m'banja mwawo, amene iye anamuphunzitsa yekha. Boma linamutumiza kuofesi yomweyo.

"Bwana, mlongo wangayu mumusinthire kwina," anachonderera kalaliki.

"Kalata inatuluka kale. Mukudziwa nokha mmene zimavutira kusintha."

Kunyumba anamuuza mtsikanayo kuti, "Ukafika, pampando wanga usakhalepo."

"Chifukwa chiyani, achimwene?"

"Ndanena, basi."

Tsiku loti mlongo wake ayambe ntchito, kalaliki anatumidwa kumsonkhano wokambirana njira zosungira achinyamata m'boma. Asananyamuke anakokera mpandowo m'chipinda chosungira katundu, n'kukhoma. Anaiwala kuti mesenjala wa paofesipo nayenso anali ndi kiyi.

Pobwera masana anapeza mlongo wake ali khale pampandopo, akusanja mafayilo.

"Ndinakana, achimwene," anatero mtsikanayo akumwetulira, "koma a mesenjala anati inu mumapatsa aliyense, ndiye simungalole kuti mlongo wanu akhale pakatoni."

Kalaliki anathamangira kwa sing'anga uja n'kugwada. "Tengani nyumba, tengani galimoto, koma mlongo wanga mumusiye."

"Ine sindinamugwire," anatero sing'angayo. "Mpando wadya. Chimene chamezedwa sichibwerera m'mbale."

Mtsikanayo analandira malipiro atsopanowo kamodzi kokha. Atamuika m'manda, mutu wa kalaliki unasokonekera. Lero amakhala pansi, pafumbi, kunja kwa geti la ofesiyo. Akaona wachinyamata wovala bwino akulowa, amamugwira mwendo n'kumupempha akulira kuti akagwire ntchito choimirira. Alonda amangomukankhira kumbali.

Akuluakulu amene anachedwetsa malipiro aja ali ndi mlandu wawo, ndipo sindiwaikira kumbuyo. Koma umphawi sunaphe mtsikanayo. Linamupha ndi dyera la mchimwene wake, amene anavomera kulemera ndi moyo wa ana a eni. Chuma chamankhwala chimayamba kudya kwa anansi, koma chimakamalizira m'nyumba mwako.