Toto Wadzitsekera M'chipinda

Kunyumba kwawo ankamutcha Nkhono. Ankachita zinthu pang'onopang'ono. Ukamufunsa funso, ankayamba wakhala phee. Yankho linkabwera iwe utaiwala kale funsolo.

Dzina limeneli linkamuwawa. Ankafuna kumva mawu akuti, "Wachita bwino." Koma onse ankangoti, "Fulumira!"

Nkhono anali ndi mng'ono wake wa zaka ziwiri. Ameneyu ankamutcha Toto. Ankakana chilichonse.

"Bwera usambe."

"Toto!"

"Vala nsapato."

"Toto!"

Loweruka m'mawa, Amayi ankachapa panja. Abambo ankakonza njinga. Toto analowa m'chipinda chogona. Anakankha chitseko. Chitsekocho chinali ndi kachitsulo kotsekera mkati. Toto anakaseweretsa. Kachitsulo kanalowa. Chitseko chinatsekeka.

Toto anayamba kulira. Amayi anathamanga, thovu lili m'manja.

"Toto, mwanangu, koka kachitsuloko!" anatero Amayi.

"Toto!"

Abambo nawo anafika. Anagogoda mwamphamvu.

"Tsegula msanga!" anatero Abambo.

"Toto!"

Kulira kunakula. Abambo anakatenga nyundo.

"Ndingophwanya chitsekochi," anatero.

Nkhono anasuzumira pansi pa chitseko. Anaona timapazi tiwiri. Tinali pafupi kwambiri.

"Ababa, dikirani," anatero Nkhono. "Toto waima kuseri kwa chitseko."

"Toto, choka pamenepo!" anatero Abambo.

"Toto!"

Timapazi sitinasunthe.

Nkhono anakhala pansi. Anakhala phee.

"Iwe Nkhono, wakhala pansi nthawi ino?" anatero Amayi.

"Ndikuganiza, Amayi."

Manja ake sankagwira kanthu. Miyendo yake sinkayenda. Koma m'mutu mwake munali ntchito.

M'mutu mwake anapita pazenera. Zenera linali ndi zitsulo. Munthu sangalowe. Njira imeneyo anaisiya.

M'mutu mwake anatenga nyundo. Anamenya chitseko. Chitseko chinagwera Toto. Njira imeneyonso anaisiya.

Kenako anadzifunsa funso. Vuto ndi chiyani kwenikweni?

Chitseko sichinawonongeke. Kachitsulo sikanawonongeke. Toto watseka yekha. Akhoza kutsegula yekha. Koma akukana. Ndiye vuto si chitseko. Vuto ndi mawu amene tikumuuza.

Nkhono anakumbukira za dzulo. Amayi anati, "Usakhudze wailesi." Toto anaikhudza.

Anakumbukira za dzana. Abambo anati, "Usavale chipewa changa." Toto anachivala. Anadya nacho kumutu.

Nkhono anayesa mawu ena m'mutu. Anawayesanso kachiwiri. Ndipo anaimirira.

"Ababa, ikani nyundo pansi," anatero. "Amayi, musayankhule. Ndiyeseko ine."

Abambo anayang'ana Amayi. Amayi anayang'ana Abambo. Nyundo inatsika.

Nkhono anagwada pachitseko. Anayankhula mofatsa.

"Toto, ndine. Ukukaona kachitsuloko? Kameneko ndi kanga. Usakakhudze."

Kulira kunachepa.

"Wamva? Usakakoke. Usatsegule chitseko chimenechi."

Amayi anatong'ola maso.

"Mwana iwe, mutu uli bwino?" ananong'ona.

Nkhono anaika chala pakamwa. Onse anadikira. Kudikira kumeneku Nkhono ankakudziwa bwino. Abambo ndi amene ankavutika nako.

M'chipinda munali zii.

"Usatsegule!" anateronso Nkhono.

"Toto!" anakuwa Toto.

Kachitsulo kanagwedezeka. Kanagwedezekanso. Kenako kanatuluka. Chitseko chinatseguka.

Toto anaima pakhomo. Misozi inali m'masaya. Mamina anali pamphuno. Koma ankamwetulira. Ankaona ngati wapambana ndi iye.

Amayi anamunyamula. Anamupaka thovu thupi lonse osadziwa. Abambo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Nkhono, nzeru imeneyi waitenga kuti?" anafunsa Abambo.

"M'mutu, Ababa. Ndinayesa zenera. Ndinayesa nyundo. Kenako ndinayesa mawu."

"Unayesa liti? Iwe unangokhala pansi apa."

"Pompaja ndinakhala pansi paja."

Abambo anayang'ana nyundo yawo. Anayang'ananso mwana wawo.

"Wachita bwino," anatero. "Wachita bwino kwambiri."

Nkhono anamva kukoma mumtima. Palibe amene anati, "Fulumira!"

Abambo anamasula kachitsulo kaja. Anakaika pamwamba, poti Toto sangafikire. Nkhono anawauza kuti akweze pang'ono. Toto amadziwa kukwera pampando. Abambo anamvera.

Toto anatsika m'manja mwa Amayi. Nkhono anamuyang'ana. Anapinda manja pachifuwa.

"Iwe Toto," anatero. "Usandikumbatire."

"Toto!"

Ndipo Toto anathamanga. Anamukumbatira mwamphamvu, mamina ndi thovu zomwe.