Thonje, Galu Woyera wa Sellina

Sellina ali pamjigo anamva galu akulira momvetsa chisoni. Anataya ndowa pomwepo n'kuliyatsa liwiro la kunyumba.

Anapeza amalume ake, a Hubert, atamangirira galu wake Thonje kumtengo wa mango, chikoti chili m'manja. Mpunga umene anayanika pamkeka unali mbwee pabwalo ponse. Mbuzi zinali zitaudya mpaka kukhuta galu ali mtulo pambali pomwepo.

"Galu wanji wongodziwa kudya!" anakalipa a Hubert. "Mbuzi kulira pamphuno pake, iye phee! Ndikamuitana sabwera. Lero aona polekera!"

Thwaa! Chikoti chinatera pamsana. Ubweya woyera uja unayamba kufiira.

Sellina anachita mantha, komanso manyazi anamugwira, pakuti galuyu anasankha ndi iyeyo. Tsiku lokagula galuyo amalumewo anali kumunda, ndiye Sellina anapita ndi amayi ake ku Dwangwa kwa bambo Ramsey, amene amaweta agalu ogulitsa. Bambowo anawasonyeza kagalu kakuda kochangamuka.

"Tengani aka," anatero. "Koyerako n'kokongola, inde, koma taonani maso ake obiriwirawo. Agalu otere nthawi zina amabadwa osamva. Ndikawomba m'manja sikacheuka."

"Wakuda ayi," anakana amayi ake. "Anthu a kwathu simuwadziwa inu. Mawa lomwe adzati tayamba ufiti."

Koma Sellina nkhani za ufiti analibe nazo ntchito. Iye ankangofuna kagalu koyera ngati thonje koti anzake a kusukulu asirire. Anakanyamula n'kukana kukatsitsa. Panjira anagwirizana ndi amayi ake kuti za kusamvazo asawauze amalume, poopa kuti angawalamule kukabweza.

Thwaa! Chikoti chinateranso. Kenako a Hubert anachiponya pansi n'kutola mpini wa khasu. Anamenya mwendo wakumbuyo ndipo panamveka kuti khotyo! Thonje anagwa chammbali. Atakwezanso mpini uja kulunjika kumutu, Sellina anadziponya pamwamba pa galuyo. Mpini unamupeza paphewa, ululu n'kuyenderera mpaka kuzala.

"Amalume, musamuphe!" analira. "Samva! Thonje samva, anabadwa choncho!"

"Ukuti chiyani iwe?"

"Bambo Ramsey anatiuza. Ine ndinakakamira chifukwa ndi woyera. Si mwano ayi, mawu anu sanawamvepo chibadwire."

A Hubert anatsitsa mpini uja, akupuma mwawefuwefu. Anatenga beseni lachitsulo, anazungulira kumbuyo kwa galu uja n'kulimenya ndi mpini mwamphamvu. Nkhuku zinabalalika. Mwana wa pakhomo loyandikana analira. Koma Thonje, ngakhale khutu lokha silinagwedezeke. Ankangonyambita dzanja la Sellina uku akunjenjemera.

Beseni linawapulumuka m'manja. Anayang'ana phewa la Sellina limene linali litayamba kutupa, anayang'ananso mwendo wa galu uli lende. Miyezi yonseyi ankakalipira ndi kumenya nyama imene sinkadziwa n'komwe kuti ikuitanidwa. Chisoni chinawagwira koopsa.

"Katenge njinga ndi dengu," anatero ndi mawu otsika. "Timutengere kwa a zoweta ku Boma, iwenso akakuone kuchipatala."

Anamasula chingwe, anagwada n'kutambasula dzanja pang'onopang'ono. Thonje atangoona dzanjalo anakwawa, kukoka mwendo wothyoka uja, n'kubisa mutu m'chitenje cha Sellina.

"Pepa, Thonje," anatero a Hubert, misozi ili m'maso. "Pepa ndithu."

Koma Thonje sanamve.