Ndege Yokana Kumanja

Uyu ndi Kafunso. Dzina limeneli anamupatsa ndi amayi ake. Kafunso amafunsa m'mawa. Amafunsa masana. Amafunsa ngakhale chakudya chili m'kamwa.

Kafunso ali ndi ndege. Si ndege yokwera anthu ayi. Ndi yaing'ono, yofiira, yopepuka ngati katoni. Imauluka ndi batire. Amaiyendetsa ndi rimoti. Anamusiyira ndi amalume ake posamukira kutali.

Pa rimoti pali kandodo. Kumchira kwa ndege kuli kachitseko. Kandodo kakapita kumanzere, kachitseko kamapita kumanzere. Ndege imakhota kumanzere. Kandodo kakapita kumanja, kachitseko kamapita kumanja. Ndege imayenera kukhota kumanja.

Imayenera, inde. Koma ndege ya Kafunso ili ndi vuto. Kumanzere imamva. Kumanja siimva.

Tsiku lina Kafunso anapita ku bwalo la mpira. Bwalolo lili kuseri kwa nyumba. Kumanzere kwake kuli mitengo yaitali. Kutsogolo kuli mpanda wa aneba.

Ndege inanyamuka bwinobwino. Inakwera m'mwamba. Inayandikira mpanda.

"Kumanja!" anatero Kafunso.

Anakankha kandodo. Ndege sinakhote.

"Kumanja, iwe!"

Anakankha ndi mphamvu. Anapendeka thupi lonse. Anapendeka mpaka anagwa pansi. Kafunso anakhota kumanja, koma ndege sinakhote.

Inadumpha mpanda. Phofo! Inalowa m'bulangeti lomwe aneba anayanika.

Aneba anabwera nayo kunyumba. Anaigwira ku phiko ngati nkhuku yakuba. Abambo a Kafunso anali pakhonde, akuvula nsapato.

"Achimwene, ndabweretsa mlendo wanu," anatero aneba. "Dzana anagwera m'matimati anga. Lero wagwera m'bulangeti. Kodi kwathu kuja n'kubwalo la ndege?"

"Pepani, aneba," anatero Abambo. "Sizichitikanso."

Abambo a Kafunso amayendetsa basi. Sakonda chinthu chokana kukhota. Analowa m'nyumba ndi ndege ija. Analoza msomali wa kudenga.

"Waona msomali uwo? Ndege yako tiipachika pamenepo. Izikongoletsa nyumba."

"Koma Ababa, ndege yopachika siuluka!"

"Ndiye ubwino wake umenewo," anatero Abambo. "Yopachika sigwera m'matimati."

Kafunso anayang'ana msomali. Anayang'ana ndege yake.

"Nanga ndikaikonza?"

"Ukaikonza, ndidzabwera kudzaiona ndekha. Ikakhota kumanja, iziuluka. Ikakana, msomali ukudikira. Koma pakali pano isapite m'mwamba."

Kafunso anaika ndege pa tebulo. Anaiyang'ana kutsogolo. Anaiyang'ana kumbuyo. Pambali pake anaona kamota kakang'ono. Anaonanso waya woonda, wautali. Waya amachokera pa kamota. Amakafika pa kachitseko ka kumchira.

Kafunso anayatsa rimoti. Anakankha kandodo kumanzere. Kamota kanalira, zii! Kanakoka waya. Kachitseko kanapita kumanzere.

Anakankha kandodo kumanja. Kamota kanalira, zii! Kanakankha waya. Kachitseko kanapita kumanja.

"Ha! Pano ikumva!"

Anayesanso. Kumanzere, zii. Kumanja, zii. Pa tebulo ndegeyo inali yaulemu kwambiri. Inali ngati mwana pamaso pa alendo.

Kafunso anagwira chibwano. Iyi inali nkhani yovuta. Pa tebulo ndege imamva. M'mwamba siimva. Vuto lili m'mwamba. Koma m'mwamba Abambo analetsa.

"M'mwamba muli chiyani chomwe pa tebulo palibe?" anadzifunsa.

Mbalame? Mbalame sizigwira mchira wa ndege.

Mitambo? Ndege yake sifika ku mitambo.

Dzuwa? Anaika tebulo padzuwa. Kumanzere, zii. Kumanja, zii. Dzuwa linalibe mlandu.

Kafunso ananyamula ndege. Anapita nayo ku saluni ya amayi ake. Saluniyo ili m'chipinda chakutsogolo kwa nyumba. Muli galasi lalikulu. Muli zipeso m'chitini. Muli mpando umodzi wozungulira ndi benchi la odikira.

Pa mpando panali anti ena, namwino wa kuchipatala. Tsitsi lawo linali lonyowa. Amayi anali pambuyo pawo ndi makina oumitsira tsitsi.

"Nanga nkhopeyo yagwa bwanji, mwanawe?" anafunsa Anti.

"Ndege yanga ikukana kumanja."

"Musiyeni ameneyo, asisi," anatero Amayi. "Mukamuyamba, akufunsani mpaka tsitsi liuma lokha."

Amayi anayatsa makina. Fuuu! Tsitsi la Anti linauluka. Katani la pawindo linavina. Kapepala kanathawa pa tebulo.

Kafunso anayang'ana katani. Anayang'ana kapepala. Anadumpha pa benchi.

"Mphepo! Amayi, mphepo! M'mwamba muli mphepo! Pa tebulo palibe!"

"Chabwino, tamva. Khala pansi."

"Ndibwerekeni makinawo, Amayi. Pang'ono pokha!"

"Sukuona ndili ndi kasitomala?"

Anti anaseka. "Mpatseni mwanayu, asisi. Tsitsi langa silithawa. Nanenso ndikufuna ndione wodwalayu."

Amayi anapukusa mutu. Koma anasintha batani la makina.

"Ndaika mphepo yozizira," anatero. "Yotentha ingasungunule ndege yako."

Anti anagwira ndege. Amayi anagwira makina. Kafunso anagwira rimoti. Mphepo inawomba kuchokera kutsogolo kwa ndege. Inawomba mpaka kumchira. Fuuu!

Kafunso anakankha kandodo kumanzere. Kamota kanakoka waya. Kachitseko kanapita kumanzere.

"Uku wodwala ali bwino," anatero Anti.

Kafunso anakankha kandodo kumanja. Kamota kanakankha waya. Kachitseko kananjenjemera. Kananjenjemeranso. Koma sikanapite.

"Taonani waya!" anakuwa Kafunso.

Waya anali atapindika pakati. Anapindika ngati msana wa mphaka wokwiya.

Amayi anazimitsa makina. Waya anawongoka. Kachitseko kanapita kumanja.

Amayi anayatsa makina. Waya anapindika. Kachitseko kanabwerera pakati.

"Wagwidwa!" anatero Kafunso. "Mphepo ikukankha kachitseko. Waya akulephera kulimbana nayo."

"Nanga kumanzere akutha bwanji?" anafunsa Amayi. "Waya ndi yemweyo. Mphepo ndi yomweyo."

Funso limeneli linali labwino. Kafunso zinamuwawa pang'ono kuti sanalifunse ndi iye.

Kenako anatenga ulusi womangira tsitsi. Anaumangirira ku chipeso. Anaika chipeso pa tebulo.

Anakoka ulusi. Chipeso chinabwera.

Anakankha ulusi. Ulusi unapindika. Chipeso chinangokhala phee.

"Mwaona, Amayi? Kumanzere waya amakoka. Kukoka n'kosavuta. Kumanja waya amakankha. Chinthu choonda chikamakankha, chimapindika."

"Ndiye waya wakoyo ndi waulesi," anatero Anti.

"Si ulesi, Anti. Akungosowa womugwira pakati."

Kafunso anaika chala pakati pa waya. Amayi anayatsa makina. Fuuu! Waya anafuna kupindika. Chala chinamuletsa. Kachitseko kanapita kumanja!

"Wachira!" anatero Anti.

"Sanachire," anatero Kafunso. "Chala changa sichingauluke nawo."

Anayang'ana m'chitini cha zipeso. Anayang'ana m'dilowa. Anayang'ana pansi pa benchi. Kenako anayang'ana thumba la malaya a Anti. M'thumbamo munali bolopeni.

"Anti, bolopeniyo imalemba?"

"Iyi? Inatha inki kalekale. Ndimangoyenda nayo kuti ndizioneka wotanganidwa. Tenga."

Kafunso anaitsegula. M'kati munali kapaipi. Kanali koonda. Kanali kolimba. Kanali ndi bowo loti waya n'kudutsamo.

"Zikomo, Anti!"

"Tsopano tibwezere mphepo yathu," anatero Amayi. "Tsitsi la anthu lauma mbali imodzi."

Madzulo Abambo anabwera kuntchito. Kafunso anawachingamira pachitseko. Sanawalole n'kuvula nsapato komwe. Anawaonetsa ulusi ndi chipeso. Anawaonetsa waya. Anawaonetsa kapaipi.

"Hmm," anatero Abambo.

Abambo akati "hmm", ndiye kuti zawasangalatsa.

Abambo anadula kapaipi ndi lezala, chifukwa lezala si ya ana. Anakolowola waya kumchira. Anawongola nsonga yake. Kafunso analowetsa waya m'kapaipi. Abambo anapindanso nsonga ija. Anaikoloweka pa kachitseko.

Kafunso anatenga guluu. Anamata kapaipi pathupi la ndege, pakati penipeni.

"Guluu asakhudze waya," anatero Abambo. "Akakhudza, ndege ikana kumanja ndi kumanzere komwe."

Kafunso anamata mosamala. Lilime linatuluka panja.

"Wauma, Ababa?"

"Sanaume."

"Nanga pano?"

"Sanaume."

"Nanga pano?"

"Iwe, guluu sauma ndi mafunso. Tiye tikadye."

Tsiku loyesa linafika. Abambo sanapite kuntchito. Amayi anatseka saluni pang'ono. Onse anapita ku bwalo.

Aneba anawaona ali patali. Anathamangira pa chingwe. Anayamba aanula bulangeti lawo. Kenako anabwera kudzatsamira pa mpanda.

"Ndakonzeka!" anakuwa aneba. "Matimati okha ndi amene sindingathe kuwabisa!"

Abambo ananyamula ndege m'mwamba. Kafunso anayatsa injini. Ndege inalira, vuuu! Abambo anaiponya. Inakwera. Inakwerabe.

"Kumanja, dalaivala!" anatero Abambo.

Kafunso anakankha kandodo ndi mphamvu zake zonse. Umu ndi mmene anazolowerera.

Zwee! Ndege inatembenuka ngati yalumidwa ndi mavu. Inapendeka. Inaloza mphuno pansi. Inayamba kugwa!

"Mayo!" anakuwa Amayi.

Kafunso anasiya kandodo. Ndege inawongoka. Inadutsa pamwamba pa udzu. Inakweranso.

Kafunso anatembenukira kwa Abambo.

"Ababa, yaonongeka!"

"Sinaonongeke," anatero Abambo. "Yachita zimene waiuza. Kale sinkamva, ndiye unkaikalipira. Pano ikumva. Chala chakocho chisiye kukalipa."

Ndege inali kupita ku mpanda. Kumanzere kunali mitengo. Kutsogolo kunali aneba. Aneba anabisa mutu ndi manja.

Kafunso anapuma mpweya wambiri. Anaika chala pa kandodo. Anakankha pang'ono. Pang'ono chabe.

"Kumanja, mnzanga," ananong'ona.

Ndege inapendeka pang'ono. Inakhota pang'ono. Inakhotabe. Inasiya mpanda kumbuyo. Inabwerera ku bwalo.

"Yakhota!" anakuwa Amayi. "Bambo a Kafunso, mwaona? Yakhota!"

"Ndaona. Ibwereze."

Kafunso anabwereza. Kumanja, pang'ono. Kumanja, pang'ono. Ndege inazungulira bwalo lonse. Inazungulira golo. Inazungulira Amayi. Kumanzere inamva. Kumanja inamva.

Aneba anaomba m'manja.

"Lero mlendo wandilambalala!" anatero. "Mpaka ndayamba kumusowa!"

Batire inayamba kutopa. Kafunso anatsitsa ndege pang'onopang'ono. Inatera pa udzu, tswee. Inaima pafupi ndi mapazi a Abambo.

Abambo anaitola. Anayang'ana mapiko. Anayang'ana mchira. Anagwedeza kapaipi ndi chala. Kafunso anadikira. Sanafunse funso ngakhale limodzi.

"Hmm," anatero Abambo. "Ndege yakhoza. Dalaivala wakhozanso. Iziuluka."

Kafunso anadumpha. Anakumbatira Abambo. Anakumbatira Amayi. Anafuna kukumbatira aneba, koma mpanda unamutchinga.

Pobwerera kunyumba, Abambo anasenza ndege pamutu. Kafunso anali pambuyo ndi rimoti. Amayi anali pambali, akuseka.

"Kumanzere, Ababa!"

Abambo anakhota kumanzere.

"Kumanja, Ababa!"

Abambo anangopita kutsogolo. Analunjika pa mpando wawo wa pakhonde.

"Kumanja, ndati!"

"Pepa, dalaivala," anatero Abambo, akukhala pansi. "Waya wanga wapindika."

Kafunso anayang'ana Amayi.

"Amayi, muli ndi bolopeni ina?"

"Usavutike, mwanangu," anatero Amayi. "Awa sakonzeka ndi bolopeni. Amakonzeka ndi tiyi."

Kafunso anaika rimoti pansi. Anathamanga kukatenga makapu.