Chibangili cha Amalume Jeremiya

Levison atangomva belu la njinga ya amalume ake, sanadikire zambiri. Anadumpha pakhonde, n'kuzemba kuseri kwa khola, n'kukalowa m'chigafa momwe fodya anali atapachikidwa mpaka kudenga. Ananjuta pakati pa masamba ofota.

"Amake Levi!" anafuula a Jeremiya asanatsike n'komwe panjinga. "Ali kuti mwana wanu uja? Wandichititsa manyazi pa Wimbe ponse!"

Nkhani yake inali iyi. A Mphepo, aphunzitsi oyang'anira kalabu ya mbiri yakale kusukulu kwawo, anauza ana kuti ajambule kanema wa mbiri ya dera lawo. Lamulo linali limodzi: asapitirire mphindi zitatu. Wabwino koposa anali woti akapikisane ndi masukulu ena ku boma la Kasungu. Levison, yemwe ankadziwika sukulu yonse chifukwa choika kulira kwa mbuzi pa kanema wa hediboyi akulankhula, anasankha mbiri ya fodya. Mnzake Feggie ndiye ankamugwirira foni pojambula. Kanema wawo anapambana, ndipo Loweruka a Mphepo anamuika pa tsamba la sukulu kuti anthu aonere asanatumizidwe Lachisanu.

Anthu anaoneradi. Vuto linali pa sekondi ya makumi anayi. Pamenepo pankamveka mawu a Jeremiya, okhuthala ngati a mlaliki: "Manja athuwa ndi amene anatukula dera lino." Ndipo pa kanemapo pankaoneka manja awiri akusoka fodya, liwiro lake ngati makina. Kudzanja lamanzere kunali chibangili chamkuwa, chikung'anima bwinobwino.

M'chigafa muja foni inalira m'thumba. Levison anaiphimba ndi manja onse awiri, koma mochedwa. Masamba anapatuka, nkhope ya a Jeremiya n'kutulukira, thukuta lili kamukamu.

"Tuluka, wojambula iwe."

"Ndimaona ngati fodyayu wayamba kuuma, amalume."

"Auma ndi iweyo. Ukudziwa zimene zandichitikira pamsika? Amayi ogulitsa tomato onse aimirira, akuti, 'A Jeremiya, tibwerekeniko chibangili, tili ndi ukwati Loweruka.' Wokonza njinga wandigwira dzanja n'kumalitembenuza, akuti akufuna aone ngati ndachibisa. Ine! Mkulu wa mpingo!"

Levison analuma mlomo kuti asaseke, koma mapewa anamupereka.

"Ukuseka? Manja a ndani amenewo?"

"A mayi ake a Feggie. Inu munangokhala pampando mutavala jekete, ndiye ndimafuna chithunzi cha ntchito."

"Uwachotse. Lachisanu lisanafike, uwachotse."

A Jeremiya atapita, Levison anakhala pa chitsa n'kutsegula ndemanga. Zinali zitadutsa zana. Princess wa folomu 4 analemba kuti, "A Jeremiya ayamba liti kuvala zibangili? Zikuwakhalatu." Sunganani anayankha, "Chibangili si nkhani. Liwiro ilo! A Jeremiya amene timawadziwa ife amasoka masamba atatu n'kufunsa ngati tiyi wapsa." Levison anaseka mpaka misozi.

Koma kunsi kwake ndemanga zinayamba kusintha. Mayi wina dzina lake Ezelina, yemwe anati anakulira pa esiteti, analemba kuti, "Ndaonera katatu. Mbiri ya fodya yopanda matenanti? Kukonderatu uku." Wina anamuteteza Levison: "Mphindi zitatu mungalowetsemo anthu onse? Musiyeni mwana, wayesetsa." Wina anati, "Kanemayu wangonyowetsa fumbi, pansi pakadali pouma." Anthu anakangana mpaka ena kuyamba kufunsana kuti kwanu n'kuti.

Pamapeto penipeni panali ndemanga ya Feggie, mzere umodzi wokha: "Manjawo ali ndi mwini wake."

Kuseka kunathera pomwepo.

Lolemba Feggie sanakhale pa desiki yawo ya masiku onse. Pa buleki Levison anamupeza pansi pa mtengo wa mango, akudya chimanga chootcha. Masiku ena onse ankachithyola pakati. Tsiku limeneli anangopitiriza kudya.

"Aise, wakwiya zenizeni?"

Feggie anatafuna kaye mpaka kumeza.

"Ukudziwa kuti amayi ndinawanyengerera masiku angati kuti alole kujambulidwa? Anayi. Amati, 'Ine ndinene chiyani, sindinapite kusukulu.' Analankhula nawe theka la ola. Dzulo anaitana matenanti anzawo onse apamzere wa nyumba zathu ku esiteti, anayala mphasa, ine n'kuimika foni pa ndowa. Anadikira nkhope yawo mpaka kanema anatha."

"Ndiye anati bwanji?"

"Anati, 'Kapena nkhope yanga sinatuluke bwino.' Basi anapinda mphasa."

Levison anayang'ana nsapato zake. "Koma Feggie, mphindi zitatu n'zochepa. Sindikanatha kuikamo zonse."

"Eti?" Feggie anatulutsa kope la masamu n'kutsegula kumapeto. "Ndawerenga ine. Amalume ako, mphindi imodzi ndi theka. Dzuwa likutuluka ndi kanyimbo kako kaja, masekondi makumi awiri. Amayi, khumi ndi awiri, opanda mutu. Yotsalayo, pafupifupi mphindi yathunthu, ukudziwa ndani?"

Levison ankadziwa.

"Iweyo. Utavala magalasi akuda, ukudumpha pangolo, ukuti 'Takulandirani ku Wimbe!' Mbiri ya fodya kapena mbiri ya magalasi?"

Belu linalira. Feggie anaponya chitsononkho kutchire n'kumapita.

Ataweruka, Levison anakhala pansi pa mpanda wa sukulu pomwe netiweki imagwira, n'kutsegula zonse zimene anajambula kwa a Fainala, mayi ake a Feggie. Kunena zoona, tsiku lojambulalo sanamve chilichonse. Maganizo ake anali pa kuwala kwa dzuwa ndi batire. Tsopano anaika zomvera m'makutu.

A Fainala ankalankhula manja akugwira ntchito, osayang'ana n'komwe singano. Anafotokoza za lole imene inawatenga ku Phalombe ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anthu atapanikizana ndi mitolo ndi nkhuku. Anati chibangilicho anawaveka ndi mayi awo m'mbali mwa msewu lole ikulira kale. Anati tsiku loyamba kuthyola fodya analira, poganiza kuti phula lakuda lija silidzachokanso m'manja. Kenako anaseka, n'kuyamba kutchula mayina a anthu a m'midzi yozungulira amene anawaphunzitsa kusoka mwachangu. Dzina lachitatu linali la akazi awo a Jeremiya.

"Ana anga onse anabadwira kuno," anatero a Fainala mu foni muja. "Ku Phalombe akapita amasochera. Koma ukafunsa, akuti ndife obwera. Kaya tidzafika liti." Ndipo anasekanso, kuseka kwawo kokweza kuja.

Levison anabweza mawu amenewo kawiri. Kenako anatsegula kanema wake. Chigawo cha magalasi chija anachijambula kakhumi ndi kamodzi kuti kudumphako kutuluke bwino. Bondo linali likadali ndi chipsera. Anachionera komaliza, n'kuvomereza yekha kuti chinali chokongola kwabasi. Anatseka diso limodzi ngati akubayidwa jakisoni, n'kuchifufuta.

Atatero mutu wake unayambanso kugwira ntchito yake ya masiku onse, ndipo anamwetulira.

"Amalume," anatero Lachitatu masana, nkhope ili yofatsa ngati mwana wa kwaya, "kuti ndichotse manja aja, pafunika ndiikepo anu enieni. Anthu aone okha kuti inu ndi katswiri."

A Jeremiya anakhosomola. "Ee, n'zoona. Kungoti papita nthawi pang'ono."

"Palibe vuto. Koma tikajambulire pomwe paja, ku esiteti, kuti kuwala kufanane."

Anapita pa njinga, Levison ali pa kaliyala. Msewu unadutsa pakati pa minda ya fodya yotambalala mpaka kosaoneka, masamba am'munsi atathyoledwa kale. Ku zigafa za esiteti anapeza amayi asanu atakhala pansi, milu ya masamba ili pakati. Feggie anali pomwepo akuthandiza. Atawaona anakwinya nkhope.

Levison sanapite kwa iye. Anapita kwa a Fainala, n'kunjuta, chipewa chili m'manja.

"Amayi, ndinalakwa. Nkhope yanu inatuluka bwino kwambiri. Ndine ndinaichotsa kuti ndiikepo yanga."

A Fainala anaimitsa singano. "Yakoyo ndiye ya magalasi ija?"

"Eya."

"Ndinkadabwa kuti mwanayu maso amupweteka liti." Amayi onse anaphulika kuseka. "Dzuka, mwanawe. Ndiye alendowa abwera kudzatani?"

"Abwera kudzasoka fodya."

Kunamveka nthungululu. A Jeremiya anayang'ana njinga yawo, koma inali kutali. Anavula jekete, n'kukhala pa thumba, n'kulandira singano yawaya. Levison anatambasulira Feggie foni. Feggie anaiyang'ana, n'kumuyang'ana iye, kenako anapukuta manja pachitenje n'kuilandira.

Tsamba loyamba linang'ambika. Lachiwiri analibaya pakati m'malo mwa paphata. Pa lachitatu singano inapeza chala.

"Mayo!"

"Pepani, abambo," anatero a Fainala, akupukuta misozi ya kuseka. "Musalimbane nalo ngati mukupha njoka. Gwirani apa. Chala ichi chikhale kumbuyo. Ehee. Akazi anu anaphunzira tsiku limodzi, inu tikupatsani sabata."

"Kapena chikusowa ndi chibangili," anatero mayi wina.

A Fainala anachigwira, n'kupukusa mutu. "Ichi sichivulidwa. Asoke ndi manja awo omwewo."

A Jeremiya anayesa kukwiya koma zinakanika. Anaseka mpaka chipewa kugwa. Pamene iwo ankamaliza masamba asanu, a Fainala anali atadzaza chingwe chonse n'kuyamba china. A Jeremiya anayang'ana ntchito yawo, n'kuyang'ana ya a Fainala, kenako anatembenukira ku foni.

"Ikujambula?"

"Ikujambula," anatero Feggie.

"Chabwino. Ine ndine Jeremiya. Ndinanena kuti manja athuwa ndi amene anatukula dera lino. Sindikubweza. Koma ndinaiwala kuwerenga manjawo kuti ndi angati." Anaimika chala chobayidwa chija. "Ndipo ena mwa iwo, monga mukuoneramu, amathandiza kwambiri akakhala m'thumba."

Kanema watsopano anatha Lachinayi. Anali wa mphindi zitatu ndendende. A Mphepo anamuonera mu ofesi, n'kufunsa kuti, "Nanga mwini kanema ali kuti?" Levison analoza kumapeto, pomwe panali timalemba ting'onoting'ono: Ojambula, Feggie ndi Levison.

Lachisanu, kanemayo ataikidwa pa tsamba la sukulu, ndemanga zinayambiranso, ndipo musaganize kuti anthu anakhutira. Ezelina analemba kuti, "Tsopano mwayamba. Koma za mitengo imene inathera m'zigafa simunanene." Wina wa ku Kapelula anadandaula kuti kwawonso amalima fodya koma sanatchulidwe. Sunganani anapempha kuti chigawo cha "Mayo!" achiike pachokha. Princess anangofunsa kuti magalasi aja akugulitsidwa kapena ayi. A Jeremiya nawo dzina linawakanirira. Pamsika ponse anali a Chibangili, ndipo patangotha masiku awiri anakalilembetsa okha ndi penti yofiira kumbuyo kwa njinga.

Loweruka masana a Fainala anayalanso mphasa. Anthu apamzere wawo anabwera onse, ena ataima kumbuyo ndi ana pamapewa. Feggie anaimika foni pa ndowa yomwe ija. Kanema anayamba ndi manja, chibangili chikung'anima. Kenako chithunzi chinakwera pang'onopang'ono mpaka pankhope, ndipo pansi pake panatuluka malemba: Fainala, wa ku Wimbe, wobadwira ku Phalombe.

Panali phokoso moti mawu oyamba sanamveke. A Fainala anaphimba pakamwa ndi chitenje.

"Iii, mpango umenewu! Bwanji simunandiuze ndivale wabwino?"

Levison anali atakhala kumapeto kwa mphasa, akuyang'ana nkhope za anthu m'malo mwa foni. Anamva chigongono chikumugunda m'nthiti. Feggie sanamuyang'ane, maso ake anali pa kanema. Anangothyola chimanga chake pakati n'kumupatsira mbali yaikulu.

Kanema atatha, anthu anayamba kudzuka. A Fainala sanasunthe.

"Mukupita kuti?" anatero. "Feggie, bweza. Sindinamve bwino zimene amanena mayi ameneyu."