Nanga Amama Muwayeza Liti?

Twambilile ndi mtsikana wa ku Katowo. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Miyendo yake siidziwa kukhala malo amodzi.

Twambilile ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti amama amuluke tsitsi.

Kale amama ankamuluka Loweruka lililonse. Ankamukhazika pamphasa. Ankamupana ndi mawondo kuti asathawe. Ankaluka uku akuimba.

"Khala phee, kambuzi iwe!" ankatero amama, akuseka.

Kenaka kunyumba kunabadwa mwana. Dzina lake Wongani. Anali ndi masaya ofewa. Aliyense anakondwa.

Koma amama anasintha. Anasiya kuimba. Anasiya kuseka. Chakudya ankangochilawa. Ankakhala pakhonde, maso ali kutali. Nthawi zina misozi inkangotsika yokha.

Loweruka linafika. Twambilile anabweretsa chipeso.

"Amama, mundiluke."

"Mawa, mwanangu," anatero amama.

Kutacha, Twambilile anabweretsanso chipeso.

"Mawa," anateronso amama.

Mawa lija silinafike. Tsitsi la Twambilile linanyankhalala.

Mtima wa Twambilile sunakhazikike. Anakhala pansi. Anadzuka. Anapita kuseri kwa nyumba. Anabwerako. Anali ndi mantha.

Anathamangira kudimba. Anapeza adada akuthirira tomato.

"Adada, amama akudwala chiyani?"

Adada anakanda m'mutu. "Thupi silikutentha. Mutu sukuwawa. Mwina angotopa."

Adada anatero, koma nkhope yawo inali yankhawa.

M'mawa uliwonse anthu ankadutsa panjira. Ankapereka moni.

"Mwawuka uli, NyaMhango?"

"Nawuka makora, yewo," ankayankha amama.

Moni umayankhidwa choncho. Ngakhale waponda minga, umati uli bwino. Amama ankati ali bwino. Anthu ankadutsa. Palibe ankadziwa.

Twambilile anathamangira kugolosale ya a Mike.

"Ankolo, muli ndi mankhwala a chisoni?"

A Mike anayang'ana pashelefu. "A mutu alipo. A chifuwa alipo. A chisoni? Ayi, mwana iwe. Amenewo ndilibe."

Twambilile anabwerera. Anakankha mwala ndi phazi. Anaukankhanso. Anaukankha mpaka kunyumba.

Lachitatu linali tsiku la sikelo. Ndi tsiku loyeza makanda. Sukulu inali patchuthi.

Amama sanafune kupita. "Ndatopa," anatero.

"Tiyeni tonse," anatero adada. "Wongani ndinyamula ine."

Anapita onse. Twambilile ankatsogola. Ankabwerera. Ankatsogolanso.

Sikelo inali lende panthambi ya mtengo wa mango. Amayi anali pamzere. Makanda ankalira. Woyeza ana anali a Lettie, azaumoyo a m'deralo.

Nthawi ya Wongani inakwana. Anamuveka kabudula wa sikelo. Anamukoleka. Wongani anapalasa miyendo m'mwamba.

"Wakwera!" anatero a Lettie. Analemba m'kabuku. "Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino," anatero amama.

"Wotsatira!"

Twambilile anayang'ana amama. Basi? Tizipita? Ayi! Anathamanga. Anakaima patsogolo pa sikelo.

"Mwana mwamuyeza," anatero. "Nanga amama muwayeza liti?"

Amayi onse anaseka.

"Nthambi ithyoka!" anatero mayi wina.

Twambilile anachita manyazi. Anafuna kuthawa. Koma miyendo yake ija inaima nji.

A Lettie sanaseke. Anagwada pansi.

"Tabwera kuno. Tandinong'oneza."

Twambilile ananong'ona. "Amama sadya. Saimba. Amalira okha. Amati ali bwino, koma sali bwino."

A Lettie anagwedeza mutu. "Sikelo iyi ndi ya ana. Amayi timawayeza ndi makutu."

A Lettie anasiyira mnzawo ntchito. Anaitana amama ndi adada. Anakakhala pabenchi, kutali ndi anthu. Twambilile anakhala chakumapeto.

"NyaMhango," anatero a Lettie, "uwu si moni. Ndikufunsa zenizeni. Mumtima muli bwanji?"

Amama anatsegula pakamwa. "Ndili..."

Anayang'ana Twambilile. Anayang'ana tsitsi lake lonyankhalala.

"Sindili bwino," anatero amama. Misozi inatsika. "Mtima ukundilemera. Chilichonse sichikundikoma. Ndimaopa kunena. Anthu angati ndine waulesi."

"Si ulesi," anatero a Lettie. "Ndi matenda a maganizo. Amagwira amayi ambiri akangobereka. Simuli nokha. Thandizo lilipo."

Adada anausa moyo. "Ine ndimangofufuza malungo," anatero. "Sindinadziwe. Pepani, NyaMhango."

A Lettie analemba kalata. Inali yopita nayo kuchipatala ku Boma. Kenaka anatembenukira kwa Twambilile.

"Iwe sunalakwe. Wongani sanalakwe. Amama nawonso sanalakwe. Wachita bwino chomene kunena. Tsopano katunduyu tisenza akuluakulu."

Kutacha anakwera matola. Msewu unali wafumbi. Galimoto inkajowajowa. Twambilile ankafunsa, "Tafika?" Ankafunsanso, "Tafika?"

Anafika ku Boma. Amama analowa m'chipinda cha anamwino. Anamwinowo amathandiza anthu odwala maganizo. Chitseko chinatsekedwa.

Twambilile anadikira panja ndi adada. Anakhala pabenchi. Anadzuka. Anasuzumira pakona. Anakhalanso.

Amama anatuluka. Maso awo anali ofiira. Koma anagwira dzanja la Twambilile.

"Andimvetsera," anatero amama. "Akuti ndizibweranso."

Amama sanachire tsiku lomwelo. Sanachire sabata yomweyo. Masiku ena anali abwino. Masiku ena misozi inkabweranso.

Koma amama ankapitabe ku Boma. A Lettie ankabwera kudzacheza panjinga. Adada ankachapa matewera. Ankaphikanso phala. Phala la adada linali ndi mibulu, koma onse ankamwa.

Twambilile sankabweretsanso chipeso. Ankangodikira. Kudikira kunali kovuta.

Loweruka lina m'mawa, Twambilile ankasewera jingo pabwalo. Anamva mawu pakhonde.

"Twambi! Chipeso chili kuti?"

Twambilile anataya chingwe. Anathamanga. Anapunthwa. Anadzuka. Anabwera ndi chipeso.

Amama anayala mphasa. Anamukhazika pansi. Anamupana ndi mawondo. Adada anali pambali, Wongani ali pamiyendo.

Amama analuka mzere woyamba. Analuka wachiwiri. Pa wachitatu anayamba kuimba chapansipansi.

Twambilile anatembenuka.

"Amama, uwu si moni. Ndikufunsa zenizeni. Mumtima muli bwanji?"

Amama anamwetulira. "Lero ndili bwinoko, mwanangu. Likadzabwera tsiku loipa, ndidzanena."

"Zoona?"

"Zoona. Tsopano khala phee, kambuzi iwe!"

Amama anaseka. Adada anaseka. Wongani anaomba m'manja.

Ndipo Twambilile anakhala phee mpaka mzere womaliza.