Ameni wa Kabatani

Kabatani anali ndi chinsinsi. Sanauze amayi ake. Sanauze abambo ake. Sanauze ngakhale mlongo wake wamng'ono.

Abambo ake anali telala. Ndiwo anamupatsa dzina loti Kabatani. Ankati ndi wamng'ono ngati batani la malaya.

M'mawa uliwonse banja lonse linkapemphera. Ankakhala m'chipinda chosokera, pafupi ndi makina. Bambo ankawerenga Mawu a Mulungu. Kenako ankapemphera. Pomaliza onse ankati, "Ameni!"

Onse, kupatula Kabatani. Iye ankangogwedeza milomo. Mawu sankatuluka. Chinsinsi chake chinali chimenecho.

Sabata imeneyo Bambo ankaphunzitsa za kukonda adani. Popemphera ankati, "Ambuye, dalitsani ngakhale anthu amene amatiseka."

Kabatani ankadziwa tanthauzo la Ameni. Amayi anamuuzapo kale. "Ukati Ameni, ndiye kuti wavomera. Wati inde, zikhale choncho."

Koma Kabatani sankafuna kuti zikhale choncho. Iye anali ndi mdani.

Mdaniyo anali mtsikana wa m'kalasi mwake. Ana ankamutchula kuti Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka.

Kabatani anali ndi chibwibwi. Aphunzitsi akamaitana mayina, iye ankati, "Ndi-ndi-ndilipo."

Pomwepo Wailesi ankamutsanzira. "Ndi-ndi-ndi-ndi! Galimoto yakana kulira! Tiyeni tiikankhe!"

Ana ankaseka. Mtima wa Kabatani unkapsa. Unkapsa ngati nsimbi yositira zovala.

"Ameni wabodza sindinena," ankatero mumtima. "Mulungu sindimunamiza. Koma ndikufuna kunena Ameni. Ndiyesetsa mpaka ndidzanene."

Loweruka m'mawa kunabwera mayi wina. Ananyamula yunifolomu ya sukulu. Kabatani anawazindikira. Anali amayi a Wailesi!

"A telala, mabatani onse athothoka," anatero mayiwo. "Mwana wangayu sakhazikika. Abwera yekha madzulo kudzatenga."

Mayiwo atapita, Bambo anaitana. "Kabatani, tandithandiza mwanawe. Ntchito yandichulukira. Soka mabataniwa. Ulimbitse."

"I-ine, Bambo?"

"Iwe amene. Manja akowo amasoka bwino."

Kabatani anatenga singano. Anatenga ulusi. Anakhala pakampando kake. Mtima unayambanso kupsa.

Kenako anaganiza china chake. Anasoka batani loyamba, koma sanakoke ulusi. Sanamange mfundo.

"Lidzagwa m'kalasi," anatero mumtima. "Ana adzamuseka. Nayenso amve kuwawa."

Mlongo wake anabwera kudzasuzumira. Analigwira batanilo ndi chala.

"Achemwali, batanili likugwedera ngati dzino langali!" anatero akuseka.

Bambo anafunsa osatembenuka. "Walimbitsa, Kabatani?"

Kabatani anayang'ana pansi. Kunena kuti inde kunali kosavuta. Bambo sakanadziwa. Koma inde ameneyo akanakhala wabodza.

"A-ayi, Bambo," anatero. "Sindinalimbitse. Nda-ndachitira dala."

Makina anasiya kulira. Bambo anatembenuka. Sanakalipe.

"Tandiuza," anatero.

Kabatani anafotokoza zonse. Anafotokoza za kuitana mayina. Anafotokoza za galimoto yokana kulira. Mawu ankakakamira pakhosi, koma sanasiye. Bambo anadikira mpaka anamaliza.

"Pepa mwana wanga," anatero Bambo. "Zimene amakuchitirazo ndi zoipa. Lolemba ndikaonana ndi aphunzitsi ako. Koma tandiuza, batanili lakulakwira chiyani?"

Kabatani anaseka pang'ono, misozi ili m'maso.

"Bambo, ine si-sindimukonda. Mtima ukukana."

"Ndamva," anatero Bambo. "Yesu amadziwa kuti n'zovuta. Mtima ukakana, manja amatha kuyamba. Mtima umabwera pambuyo."

Kabatani anapukuta misozi. Anadula ulusi uja. Anayambiranso.

Anasoka, anakoka, anamanga.

Anatenga batani lina. Anasoka, anakoka, anamanga.

Singano inamubaya chala. Anayamwa chalacho, n'kupitiriza. Anasoka, anakoka, anamanga, mpaka mabatani onse anatha.

Mlongo wake anayesa kugwedeza limodzi. "Eee! Ili ndiye ngakhale ndi mano silingachoke!"

Madzulo kunamveka mawu pakhomo. "Odi!"

Anali Wailesi. Ataona Kabatani, anadzidzimuka.

"Iwe, kwanu ndi kuno?"

Kabatani anaimirira. Anafuna kuthawira kuseri kwa makina. Koma sanathawe. Anapereka yunifolomu ija ndi manja awiri.

"Nda-ndasoka ndine," anatero. Anapuma kaye. "U-ukamanditsanzira, zi-zimandiwawa. Usiye."

Mawuwo anatenga nthawi. Koma onse anatuluka.

Wailesi anayang'ana mabatani. Anakoka limodzi. Linali lolimba. Anakoka lina. Linali lolimbanso. Anatsegula pakamwa, koma sananene kanthu.

"Wailesi yatha mabatire!" ananong'ona mlongo wake wa Kabatani.

"Iwe, khala chete," anatero Amayi.

Wailesi anakumbatira yunifolomu yake. Anayang'ana pansi.

"Pepa," anatero ndi mawu aang'ono. Atafika pakhomo anatembenuka. "Umasoka bwino."

M'mawa mwake banja linakhalanso pafupi ndi makina. Bambo anawerenga Mawu a Mulungu. Onse anatseka maso.

"Di-dikirani kaye," anatero Kabatani.

Onse anatsegula maso.

"Bambo, Amayi, ndili ndi mawu. Sabata yonseyi si-sindinkanena Ameni. Ndinkangogwedeza milomo. Sindinkafuna kuti Mulungu amudalitse Wailesi."

"Ine ndinaona!" anatero mlongo wake. "N'chifukwa chake ndinkakuwa kwambiri. Ndinkanena wa tonse awiri."

Amayi anaseka. Anamukoka Kabatani n'kumukhazika pambali pawo.

"Wachita bwino kutiuza zoona," anatero Amayi. "Nanga lero mtima ukuti chiyani?"

Kabatani anaganiza kaye. "Ukuwawabe pang'ono. Koma wa-wavomera."

"Ndiye lero utipempherere ndiwe," anatero Bambo.

Kabatani anatseka maso. Anapinda manja. Chala chobayidwa chija chinkawawabe.

"A-ambuye," anayamba. "Dalitsani banja lathu. Dalitsaninso Wa-wa-wailesi."

Palibe amene anamufulumizitsa. Bambo anadikira. Amayi anadikira. Ngakhale mlongo wake anadikira.

Kabatani anakoka mpweya wambiri.

"A-a-ameni!"