Olipa Asankha Ndodo Atakhala Pansi

Olipa ankakhala ndi amayi ake mumzinda wa Doha, kudziko lakutali. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupitanso kukawedza nsomba.

Kale ankapita ndi malume ake, a Maclean. Lachisanu ankabwereka kayaki. Kayaki ndi kabwato ka pulasitiki. Kali ndi mipando iwiri. Olipa ankakhala kutsogolo. Malume ankakhala kumbuyo, nkhafi ili m'manja.

Koma kontrakiti ya malume inatha. Malume anabwerera ku Kasungu. Anamusiyira Olipa ndodo yawo yowedzera.

Olipa analira ku bwalo la ndege. Analira m'basi. Analiranso kunyumba.

Ndodo ija inali ndi mamba a nsomba. Inali ndi fungo la nyanja. Inali ndi fungo la malume. Amayi anafuna kuipukuta.

"Ayi, amayi, musaipukute," anatero Olipa. "Fungo la malume lingachoke."

Amayi anamusiya. Ndi iko komwe, kwathu ndani amatsuka ndodo? Madzi a kwathu alibe mchere. Munthu amawedza, n'kuimika ndodo kuseri kwa chitseko, basi.

Koma madzi a ku Doha ndi a mchere. Ndipo mchere ulibe chisoni. Unadya timphete todutsamo chingwe. Unadya kagudumu kokulungira chingwe. Unadya mwakachetechete, ngati anankafumbwe m'chimanga.

Tsiku lina Olipa anatenga ndodo ija. Kagudumu kanakana kuzungulira. Kamphete kena kanathothoka, n'kugwa pansi. Ndodo yonse inali dzimbiri lokhalokha. Mtima wa Olipa unawawa kwambiri.

Lachisanu amayi anamudzutsa.

"Lero ndili pa ofu," anatero amayi. "Yala, monga amanenera kuno, tiye ku masitolo a ku Najma. Tikasankhe ndodo ina."

"Ndodo ya chiyani, amayi? Ndipita ndi ndani?"

Amayi a Olipa ndi namwino. Saopa magazi. Saopa jakisoni. Koma madzi akuya amawaopa zosasimbika.

Anafika m'sitolo ya a Cassim. Munali ndodo zambirimbiri. Amayi anatenga yaitali kuposa zonse. Nsonga yake inagunda kudenga.

"Iyi ndiye ndodo," anatero amayi. "Kwathu ku mtsinje wa Bua tinkadula nsungwi yaitali chonchi."

"Imeneyo ndi ya munthu woima kumtunda, amayi," anatero Olipa. "M'kayaki sitiima. Ndodo yake timasankha titakhala pansi. Malume ankatero."

Olipa anakhala pansi. Anatambasula miyendo. A Cassim anamwetulira. Anaika katoni kutsogolo kwa mapazi ake.

"Iyi ndi mphuno ya kayaki yako," anatero a Cassim. "Nsomba ikathawira mbali ina, ndodo izidutsa apa."

Olipa anayesa ndodo yaitali ija. Inali yolemera. Chogwirira chake chinamubaya pamimba.

Anayesa ina. Inali yaifupi kwambiri. Nsonga yake sinadutse katoni.

Anayesa inanso. Inali yopepuka. Anaipititsa kumanja. Anaipititsa kumanzere. Nsonga inadutsa katoni bwinobwino.

"Imeneyo ndi yako," anatero a Cassim. "Koma uziitsuka ndi madzi a pampopi ukabwerako. Usamaiwale."

Olipa anasangalala. Anacheuka msanga.

"Malume, taonani," anatero.

Kumbuyo kunalibe munthu. Kunali pansi pokha, poyera, pozizira.

Olipa anaika ndodo pansi. Misozi inalengeza m'maso.

"Khalasi, basi, amayi," anatero motsitsa mawu. "Tiyeni tizipita. Mwana salowa m'kayaki yekha."

Amayi anayang'ana mwana wawo. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaika chikwama pansi. Anavula nsapato. Anakhala pansi, kumbuyo kwa Olipa. Nawonso anatambasula miyendo.

Anthu m'sitolomo anaima n'kumayang'ana. Amayi sanasamale.

"Ndikuopa, Olipa," anatero amayi. "Ndikuopa kwambiri."

"Muvala jekete loyandamitsa, amayi. Simumira."

"Nanga kayakiyo ikagubuduka?"

"Tikayambira posaya. Madzi ake amalekeza m'mawondo."

Amayi anapumira m'mwamba.

"Chabwino. Nanga nkhafi amaigwira bwanji?"

Olipa anatenga ndodo yaitali ija. Anaiika m'manja mwa amayi ngati nkhafi.

"Chonchi, amayi. Uku kamodzi. Uku kamodzi."

Amayi anapalasa uku. Anapalasa uku. Anagunda katoni. Anagunda mwendo wa a Cassim.

"Pepani, pepani," anatero amayi. "Ndine wongoyamba kumene."

Olipa anaseka, misozi ili m'masaya. Anatsamira kumbuyo. Msana wake unakhudza mawondo a amayi. Anagwira ndodo yake yatsopano.

"Palasani, amayi," anatero Olipa. "Tikupita."